Mndandanda wa mahedifoni ndi makutu a munthu mmodzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ingaoneke yaing'ono poyerekeza ndi za feteleza ndi mafuta a galimoto zimene zimadzaza masamba anu, koma imene ikuwonongetsa ndalama zambiri kwa achinyamata amene akuyamba ntchito yojambula nyimbo mumzinda muno. Ine ndakhala ndikuyang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwathu ku Area 25 kwa zaka zoposa 10, ndipo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yanga ndimajambula makwaya ndi oimba ongoyamba kumene. Mahedifoni ndiwo khasu langa. Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, amene waphunzira ntchitoyi m'manja mwanga, anabwera ndi foni nandionetsa mndandanda wa mahedifoni okwera mtengo umene wounika wina wakunja, munthu woyesa zipangizo n'kulemba maganizo ake, anausanja kuyambira opambana mpaka otsiriza, ndipo anati: "Malume, palibenso zofunsa, awa ali pa nambala wani ndi amene ndiitanitse." Mnyamatayo wakhala akuponya ndalama ku banki mkhonde kwa miyezi 7 kuti agule chinthu chimene sanachivalepo ngakhale kamodzi, chifukwa cha mawu a munthu mmodzi amene sanamuonepo.

Kwa owerenga amene zimenezi ndi zachilendo, sindikunena za timahedifoni timene timagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa Malangalanga. Kampani ya Focal ya ku France inatulutsa mahedifoni otchedwa Utopia m'chaka cha 2016 pa mtengo wa madola pafupifupi 4,000, ndipo chaka chotsatira kampani ya HiFiMan inatulutsa Susvara pa madola 6,000. A Sennheiser a ku Germany, mu 2015, anatulutsa HE 1, amene amabwera ndi ampulifaya yake (chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu) yokhala m'bokosi la mwala wa mabo, pa mayuro pafupifupi 50,000. Mwana wa mlongo wangayu sakulota zimenezo ayi. Amene iye akufuna ndi a madola mazana angapo. Koma kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, madola mazana angapo, kuphatikizapo mtengo wonyamulira ndi msonkho wapachipata, ndi malipiro a miyezi ingapo a munthu wapantchito, ndipo katunduyo akafika ku Lilongwe palibe njira yapafupi yomubwezera ngati sanakukomere.

Ndikulemba chifukwa njira imeneyi ndinaidutsa ndekha. Mu 2019 ndinatumiza ndalama kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti andigulire mahedifoni amene wounika wina anawaika pamwamba pa onse a mtengo umenewo, ndipo anabwera pa basi atakulungidwa m'bulangeti. Tsiku limene ndinawagwiritsa ntchito koyamba ndinkajambula kwaya ya achinyamata ya ku Mtandire. Ndinamuveka mtsikana woimba alito kuti azimva ng'oma pamene akuimba gawo lake, ndipo titamvera zimene tajambula, ng'oma ija inkamveka chapansipansi kuseri kwa mawu ake, chifukwa mahedifoniwo anali otseguka kumbuyo ndipo mawu ankadontha n'kulowa mu maikolofoni. Phokoso la chigayo cha pafupi ndi kwathu nalonso linkalowa m'makutu mwake ngati sanavale kanthu. Vuto lalikulu linaoneka pambuyo pake. M'mahedifoni amenewo babatoni ankamveka wowonda, choncho posakaniza nyimbo ndinawonjezera besi mpaka makutu anga anakhutira. Koma nyimboyo itaikidwa mu minibasi ya mmodzi mwa makolo a anawo, besi inakwirira mawu onse, ndipo uthenga umene anawo anauyeserera miyezi iwiri sunkamveka. Ndinabwereza ntchito yonse popanda malipiro.

Wounika ujayo sananame. Nditabwerera ku zimene analemba ndinapeza kuti ananena momveka kuti mahedifoniwo ndi omvera nyimbo m'chipinda chabata, kuti amafuna ampulifaya yamphamvu, ndiponso kuti iye mwini sakonda besi yambiri. Zonsezi ndinazilumpha chifukwa maso anga anathamangira pa nambala. Apa ndi pamene pagona vuto la mindandanda imeneyi: imatenga zinthu zosiyana kwambiri, monga kamvekedwe, kulemera, kulimba, ntchito imene chipangizocho chinapangidwira ndi zokonda za woyesayo, n'kuzipanikiza zonse mu nambala imodzi, ngati zotsatira za mayeso a sukulu. Koma pa mayeso ana onse amayankha mafunso amodzimodzi, pamene woimba wa m'situdiyo, mtolankhani wa pawailesi ndi munthu wopuma pantchito amene akumvera nyimbo pakhonde aliyense amafuna chake.

Chinthu chimene achinyamata ambiri sachiganizira n'chakuti mawu a m'mahedifoni sathera m'mahedifonimo. Amatsirizikira m'khutu la wovala. Ngalande ya khutu la munthu wamkulu ndi yotalika pafupifupi masentimita 2.5, ndipo mwachibadwa imakweza mawu a pafupi ndi 3,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kusongoka kwa mawu: nambala ikakula, mawunso amasongoka), koma kutalika ndi kupindika kwake, pamodzi ndi maonekedwe a khutu lakunja, zimasiyana munthu ndi munthu. Sipika ya patebulo imalankhula ndi chipinda chonse, pamene mahedifoni amatsekera khutu m'kachipinda kakang'ono ka lokha, ndipo kusiyana kwakung'ono kwa makutu kumasintha kwambiri mawu osongoka a pamwamba. Amati munthu amamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz, koma zimenezi ndi za mwana wa makutu abwino. Tikamakula mawu a pamwamba ndiwo amayamba kutithawa. Bambo wa zaka 55 akanena kuti mahedifoni ena ndi osalala, mtsikana wa zaka 19 angathe kuwamva akulasa ngati singano, ndipo onse awiri akunena zoona. Chitsanzo chodziwika ndi Sennheiser HD 800 a mu 2009, amene amakweza mawu a pafupi ndi 6,000 Hz: ena amawatama kuti amaonetsa kalikonse kobisika m'nyimbo, ena amati amatopetsa makutu, ndipo kampaniyo itatulutsa HD 800 S inaikamo kachipangizo kochepetsa kukwera komweko.

Palinso tizinthu timene wounika sangatione ali kwawoko. Mahedifoni otseka amadalira kuti masiponji ake amate bwino kuzungulira khutu, ndipo mwendo wa magalasi a maso, tsitsi lolukidwa kapena duku zikasiya mpata, besi imathawira pomwepo. Ndinaziona ndi maso anga pamene amayi awiri a kwaya imodzi anavala mahedifoni amodzimodzi motsatizana, wina nadandaula kuti ng'oma yachuluka, wina wa magalasi nati sakuimva n'komwe. Masiponji nawonso amaphwa ndi thukuta ndi nthawi, ndipo akaphwa kamvekedwe kamasintha. Amene wounika anayesa anali atsopano ochokera m'bokosi, osati amene apirira kutentha kwa October kwa kuno zaka ziwiri. Ngakhale dzina lenilenilo likhoza kusocheretsa. Beyerdynamic DT 770 Pro amapezeka a 32, a 80 ndi a 250 ohms (muyeso wa mmene chipangizo chimakanira magetsi), ndipo a 250 ukawalumikiza ku foni wamba amamveka ofooka, pamene pa mikisa (makina osakanizira mawu) ya m'situdiyo amagwira bwino ntchito. Munthu akati DT 770 ndi abwino, funso loyamba likhale lakuti ati, ndipo anawalumikiza ku chiyani.

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti zonse ndi zokonda chabe ndipo palibe chodziwika, chifukwa zimenezo si zoona. Kuyambira cha m'ma 2012, akatswiri a kampani ya Harman motsogozedwa ndi Sean Olive ndi Todd Welti anayesa anthu mazanamazana, a ku America, Canada, Germany ndi China mwa ena, kuti apeze kamvekedwe kamene anthu ambiri amakakonda. Njira yawo ina inali yanzeru: ankaveka omvera mahedifoni amodzi okha, n'kumasintha kamvekedwe kake ndi kompyuta kuti kafanane ndi ka mitundu ina, kotero kuti womverayo sankadziwa dzina, mtengo kapena maonekedwe a chimene akuchiweruza. Anapeza kuti anthu ambiri, odziwa ntchito ndi osadziwa omwe, amagwirizana pa kamvekedwe kamodzi, kamene masiku ano ounika ambiri amakagwiritsa ntchito ngati muyeso. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti pafupifupi anthu 64 mwa 100 alionse ndiwo amakhutira ndi muyesowo monga ulili, 15 amafuna besi yochulukirapo, ndipo 21 amafuna yocheperapo, ambiri mwa otsirizawa ali amayi ndi anthu achikulire. Kunena kwina, munthu mmodzi mwa atatu amapatuka pa njira ya ambiri. Ngati wounika amene mukumutsatira ali m'gulu lina ndipo inu muli m'gulu lina, mndandanda wake wonse umapendekera kumbali imene si yanu, ngakhale iye akhale woona mtima chotani. Ndi bwinonso owerenga adziwe kuti Harman, imene inagulidwa ndi Samsung mu 2017, ndiyo mwini wa AKG ndi JBL, choncho nayonso ndi yogulitsa mahedifoni. Ubwino wake ndi wakuti njira ndi zotsatira zake inaziika poyera kuti ena aziyese.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti pafupifupi ounika onse amamvera akuona. Amadziwa mtengo, agwira chikopa chofewa ndi thabwa lopalidwa bwino, awerenga zimene kampani yalonjeza. Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive yemweyo anayesa masipika kawiri, koyamba omvera akuwaona ndipo kachiwiri atabisidwa kuseri kwa nsalu, ndipo zigamulo zinasintha: masipika aakulu okongola anapeza mapointi ochuluka pamene ankaoneka kusiyana ndi pamene anabisidwa, ndipo ngakhale omvera ozolowera ntchito sanapulumuke. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, koma apa zafika poti maso amanyengerera khutu lenilenilo kuti limve kukoma. Kukweza voliyumu nakonso kumanyenga. Kuyambira pa ntchito ya Harvey Fletcher ndi Wilden Munson ya mu 1933 zimadziwika kuti mawu akakhala otsika khutu silimva bwino besi, kotero mahedifoni amene akulira mokwererapo pang'ono amamveka odzaza kuposa anzake. Wounika amene sananene kuti anafananitsa voliyumu asanayerekeze mitundu iwiri, mwina watiuza chabe kuti ndi ati amene anali okwera.

Za mtengo ndinene mwachidule. Mu 2017 Jeroen Breebaart anafalitsa kafukufuku wa mahedifoni 283 m'magazini ya Acoustical Society of America, ndipo sanapeze mgwirizano weniweni pakati pa mtengo ndi mmene mahedifoni amatulutsira mawu otsika ndi okwera. Ndalama zambiri zimagula zitsulo zabwino, chikopa, dzina, ndipo nthawi zina kulimba, koma sizilonjeza kamvekedwe kolondola. Sony MDR-7506, amene anatuluka mu 1991 ndipo amagulidwa pa madola pafupifupi 100, akhala akugwira ntchito m'masitudiyo ndi m'nyumba zoulutsira mawu padziko lonse kwa zaka zoposa 30, ngakhale kuti sapezeka kawirikawiri pamwamba pa mindandanda ya okonda zodula.

Nkhani ya ndalama ya wounika mwiniyo siyenera kuchititsa manyazi kuifunsa. Ambiri amalandira mahedifoni kuchokera ku makampani, ena mongobwereka ndipo ena mpaka kalekale, ndipo ambiri amapeza kangachepe owerenga akagula kudzera mwa iwo. Crinacle wa ku Singapore, amene anatchuka ndi mndandanda wopereka zilembo kuyambira S kwa opambana mpaka F kwa otsiriza, ndiponso ndi miyeso yochuluka imene anaitolera, pambuyo pake anagwira ntchito ndi makampani monga Moondrop ndi Truthear kupanga timahedifoni tolowa m'khutu tokhala ndi dzina lake, ndipo zimenezi sanazibise. Palibe mlandu pamenepo, koma wowerenga ayenera kudziwa pamene woweruza ali ndi katundu wake pamsika womwewo. Tyll Hertsens wa ku America, amene ambiri ankamukhulupirira chifukwa ankamvera ndi makutu n'kuyezanso ndi makina, anapuma pantchitoyi mu 2018, ndipo mndandanda wake unaima pomwepo pamene makampani anapitiriza kutulutsa zatsopano. Komabe mindandanda yakale yamtundu umenewu imazungulirabe m'mafoni a achinyamata athu ngati zithunzi zodulidwa, zopanda tsiku, zopanda dzina la wolemba, zopanda mafotokozedwe aja amene ine ndinawalumpha mu 2019.

Nanga wounika mmodzi timukhulupirire mpaka pati? Ine ndimamuona ngati sikelo ya wogulitsa nyemba kumsika waukulu wa Lilongwe. Mayi wochenjera sakana kugula chifukwa choti sikelo ikhoza kupendekera, ndiponso sangokhulupirira chifukwa wogulitsayo akumwetulira. Amatulutsa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi m'chikwama, n'kuiika pasikelopo, ndipo akaona pamene muvi waima amadziwa mmene awerengere zotsalazo. Chimodzimodzi, pezani zimene wounikayo ananena za mahedifoni amene inu mukuwadziwa bwino ndi makutu anu. Ngati iye akuti besi yake ndi yochuluka pamene inu mumaiona yokwanira, mwadziwa kumene sikelo yake yapendekera, ndipo mawu ake onse mungawamasulire molondola. N'chifukwa chake ounika ambiri okhwima amayerekeza chilichonse chatsopano ndi Sennheiser HD 600, amene anatuluka mu 1997 ndipo akugulitsidwabe: anthu ochuluka anawamvapo, choncho amagwira ntchito ya paketi ya shuga ija. Wounika wotere, amene kupendekera kwake mukukudziwa, ndi wothandiza kuposa khamu la anthu osadziwika amene angopereka nyenyezi zisanu tsiku limene katundu wafika. Ndimamukhulupirira kwambiri akamafotokoza zinthu zoti wina aliyense angazitsimikize, monga kulemera, kutentha m'makutu, chingwe chimene chimaduka msanga, kapena kupezeka kwa masiponji osinthira. Ndimamukhulupirira pang'ono akamafotokoza kamvekedwe, makamaka ngati ounika ena awiri osadziwana naye anena zofanana ndipo miyeso ya makina ikuvomereza. Pa nambala imene waika kutsogolo kwa dzina, makamaka kusiyana kwa woyamba ndi wachitatu, sindiikapo ndalama zanga.

Ndiwonjezere kuti nyimbo zimene iwo amayesera si zimene ife timajambula. Wounika akanena kuti mawu a oimba amamveka bwino, kawirikawiri amanena za woimba mmodzi wojambulidwa m'situdiyo yodula. Ine ndimafuna kudziwa ngati ndingasiyanitse tenala ndi besi m'kwaya ya anthu 30 oimba m'chipinda cha malata, ngati mbalule ikalira pamwamba pa ng'oma zinzake imamveka yakuthwa popanda kuboola makutu, ndiponso ngati visekese zikumveka ngati visekese osati ngati mvula padenga. Mayankho amenewa palibe wa ku London kapena ku Singapore angandipatse, osati chifukwa makutu athu ndi amtundu wina, koma chifukwa sanamvepo mbalule ikulira pabwalo kuti adziwe pamene mahedifoni ayinamizira.

Ndipo tisanaweruze makutu a ena, tiyeze athu. Bungwe la World Health Organization limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamveredwe kosasamala, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata. Ife amene timaima pafupi ndi masipika pa maukwati Loweruka lililonse timapyola muyeso umenewu kutali. Ine nditapita kukayezetsa ku chipatala cha makutu cha ku African Bible College ku Area 47, ndinapeza kuti khutu langa lamanzere, limene limayang'ana sipika kutchalitchi, layamba kutaya mawu a pamwamba. Kuyambira pamenepo, ndikauza wophunzira wanga kuti mahedifoni ena ndi osalala, ndimamuuzanso za khutu limenelo. Ndi ounika ochepa kwambiri amene amauza owerenga awo zotsatira za kuyezetsa kotere, chonsecho khutu ndilo chida chawo chachikulu.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti pamene nyuzipepala yanu ikulemba za zipangizo zamakono, musamangotenga mndandanda wakunja n'kuumasulira ngati chigamulo cha khoti. Tiuzeni amene anausanja, chaka chimene anausanja, chimene analumikizako mahedifoniwo, ndiponso ngati anagula yekha kapena anapatsidwa. Koposa apo, mumzinda muno muli anthu a pawailesi, ojambula nyimbo ndi oyang'anira zokuzira mawu m'matchalitchi ndi m'mizikiti amene avala zipangizozi zaka zambiri m'fumbi ndi m'kutentha kwa kuno; afunseni atatu kapena anayi, ndipo akasiyana maganizo mulembe kusiyanako monga kulili m'malo mokusalaza. Kwa eni masitolo a zamagetsi ku Old Town ndi ku City Centre, ndikupempha kuti pa mtundu uliwonse wodula pakhale amodzi otsegulidwa oti wogula avale ndi kumvera nyimbo yake kwa mphindi 10. Nsapato timayesa tisanalipire, ndipo mahedifoni amasiyana pamutu kuposa mmene nsapato zimasiyanirana kuphazi.

Mwana wa mlongo wanga uja sindinamuletse kugula, chifukwa ndalamazo ndi thukuta lake. Ndinangomupempha kuti adikire milungu iwiri. Lachitatu ndinabwereka mahedifoni awiri kwa anzanga a ntchito, n'kuphatikiza ndi anga, ndipo ndinamumanga chitenje kumaso, n'kufananitsa voliyumu pa mikisa monga ndikanathera, n'kumuveka amodziamodzi akumvera nyimbo ya kwaya imene anaijambula yekha. Njirayi si yangwiro, pakuti mutu umazindikirabe kulemera ndi kufewa kwa masiponji, koma inamukwanira kuti azindikire kuti iye ali m'gulu la ofuna besi yochulukirapo, pamene wounika wake uja analemba yekha kuti amakonda yochepa. Tamva kuti mnzathu wina wojambula nyimbo ku Kawale ali ndi mtundu womwewo umene uli pa nambala wani, ndipo wavomera kuti tipiteko Loweruka likudzali m'mawa, tisanapite kukamanga masipika ku ukwati wa masana.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe